Masekondi Makumi Atatu

Chipale chofewa chakwirira njinga zonse za mu Tartu,
ine ndili pansi, m'chipinda chopanda zenera
mmene makina amapuma mpweya wotentha usiku wonse.
Eha Kuusik watumiza uthenga wachitatu:
"Ülo, fayilo imodzi yokha.
Ndamwa khofi, ndatsuka kapu, sinatsegukebe."

Ndinayamba ndi kunamizira chingwe.
Ndinachizula, kuchiuzira mpweya ngati fumbi ndiye mfiti,
n'kuchibwezera. Kanyali kobiriwira kanangondiphethira.
Ndinanamizira madisiki: ali phee,
theka la mimba zawo lili pululu.
Seva nayo sikutuluka thukuta.
Msewu ndi wotakata, dzenje palibe,
nanga katundu akuchedwa pati?

Cha m'ma leveni ndinasiya kulosera, ndinayamba kuwerenga.
Ndinatchera khutu pakhomo la seva
kuti ndimve zimene makompyuta makumi anayi a kumwamba
amabwera kudzanena.
Pa mawu zana, asanu okha ndiwo akuti "ndipatse."
Otsalawo ndi funso limodzi.

Kodi yasintha?
Sinasinthe.
Kodi yasintha?
Sinasinthe.
Nanga tsopano?

Mafunso zikwizikwi pa sekondi,
mzere wafika kuseri kwa nyumba,
ndipo fayilo ya Eha yaima kumapeto kwenikweni,
manja m'thumba, kudikira.

Safunsa anadya phula, ndikudziwa.
Koma uyu wofunsa osapumira
akufa ndi njala mbale ili m'manja.

Ndani anawaletsa kukumbuka?
Ndinatsegula kafayilo ka malamulo.
Mzere wa naini, zilembo zinayi zokha: noac.
Pamwamba pake tsiku, mwezi wa Malichi, zaka zitatu zapitazo,
ndi dzina la wolemba, lofupikitsidwa.
Langa.

Ndiye zinabwera zonse.
Kompyuta ya Eha inakhulupirira zimene inaona kale,
inawerenga manambala akale ngati atsopano,
ntchito ya milungu iwiri ya magazi a odwala
n'kupita kudzala.
Iye sanakalipe.
Anavula magalasi n'kumawapukuta, kumawapukuta,
mpaka ine ndinalakalaka akanangokalipa.
Madzulo omwewo ndinalamula makina onse:
musasunge kanthu mumtima,
musakhulupirire, funsani.
Nthawi imeneyo analipo asanu ndi limodzi,
mantha anga anali otchipa.
Lero alipo makumi anayi, timafayilo ngati mchenga,
ndipo ngongole ya mantha aja akulipira ndi ena.

Ndinafufuta zilembo zinayi zija.
M'malo mwake ndinalemba nambala:
masekondi makumi atatu.
Ukafunsa ukayankhidwa, sunga yankholo,
gwira ntchito, udzafunsenso nthawi ikakwana.
Chikwatu chimodzi chokha,
mmene anthu awiri amalemba nthawi imodzi,
ndinachisiyira lamulo lakale; chilonda chili pamenepo.
Ndinamasula, ndinamanganso,
kompyuta imodziimodzi, chala chikunjenjemera pa batani.

Manambala pa sikirini anatsika
ngati madzi a m'bafa ukazula chotsekera.
Kunja kwa chitseko wina anadutsa akukolopa,
akuimba kanyimbo ndi mphuno.

"Yatseguka," analemba Eha. "Wachita chiyani?"
Ndinayamba kufotokoza, mizere isanu ndi iwiri,
kenako ndinaifufuta yonse.
"Ndawalola kukumbuka pang'ono."
"Nanga akadzakumbukanso zabodza?"
"Akhoza. Kwa theka la mphindi."
Sanayankhe. Mwina anali kupukuta magalasi.

Ndinakwera masitepe, ndinavala chikhoti.
Piret, mwana wanga, ali pa msewu wa ku Võru
m'kagalimoto kake ka matayala akutha,
ndipo foni ikundionetsa zimene ndamulembera kuyambira madzulo:
wafika?
wafika?
uli pati?
wafika?
Yankho lake lomaliza, lapita kale ola:
"Ababa, ndikuyendetsa."

Chala chinali chitalemba kale kachisanu.
Ndinaima pansi pa nyali ya mumsewu,
chipale chikugwera pagalasi n'kusungunuka pa funsolo.
Ndinaibweza foni m'thumba
n'kuyamba kuwerenga chamumtima:
wani, thu, fili...
Pa seveni dzanja linali litabwerera kale m'thumbamo.